Kumene Unadzera Uthenga Kukagwa Namondwe

Masamba ena a kabuku kano afotokoza kale za anthu amene anayamba kupemphera pano, abusa amene atumikira pakati pathu, ndi mmene nyumba yopemphereramo inamangidwira. Pa masamba ano tikulemba za mbali ina ya mbiri imene imapezeka kwambiri m'mabuku a atumiki kuposa m'maulaliki: ntchito yothandiza anthu tsoka likagwa, makamaka tsoka la namondwe. Wina angadabwe nazo, popeza dziko la Zambia lili kutali ndi nyanja ya mchere, ndipo anamondwe pofika kuno amakhala atatha mphamvu. Koma tikayang'ana pa mapu tiona kuti malo amene anamondwe asakaza m'zaka zapitazi, monga Quelimane, chigwa cha Shire, Blantyre ndi Chiradzulu, ndi malo omwewo amene Uthenga Wabwino unadutsa pobwera kwa makolo athu. N'chifukwa chake mbiri imeneyi ndi yathunso, ndipo ikutifunsa ngati ife amene takhala tikulandira kwa zaka zambiri taphunzira kupereka.

Njira imene Uthenga unadzera

Mu May 1856 David Livingstone anafika ku Quelimane atadutsa Africa kuchokera ku gombe la kumadzulo, mbali yaikulu ya ulendowo akutsata mtsinje wa Zambezi. Atabwerera kwawo anakalankhula ku Cambridge mu December 1857, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa mishoni ya UMCA ya mpingo wa Anglican. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anakwera mtsinje wa Shire. Asanamange n'komwe kachisi, anapezeka ali ndi anthu oti awadyetse, chifukwa pa mudzi wa Mbame gulu la Livingstone linamasula anthu 84 amene ankapita nawo ku ukapolo, ndipo anthu amenewa ndiwo anakhala chiyambi cha mudzi wa mishoni ku Magomero.

Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862. Otsalawo anatsikira kwa Chibisa, kufupi ndi boma la Chikwawa la lero, ndipo kumeneko anakumana ndi chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Nthawi yawo yambiri inathera pofunafuna chimanga chosinthanitsa ndi nsalu kuti adyetse ana amasiye ndi amayi amene anali m'manja mwawo, ndipo ena mwa amishoniwo anafera komweko. Mbiri siibisa kuti analowereranso ndi mfuti m'nkhondo za Ayao ndi Amang'anja, chinthu chimene chinadetsa ntchito yawo. Pofika 1864 mishoni inali itasamukira ku Zanzibar isanabatize anthu ambiri. Komabe tsamba loyamba la mbiri ya mishoni m'dera lino ndi nkhani ya kudyetsa anjala.

Amishoni amene anabwera pambuyo pake analowera khomo lomwelo, pa matsiriro a Zambezi n'kukwera Shire: a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a Dutch Reformed Church anakhazikitsa Mvera, kenako Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Britain mu 1898, mfumu yaikulu Mpezeni inavomera kuti amishoni abwere m'dziko lake. Mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State unatumiza abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, ndipo pa 5 July 1899 ntchito inayamba ku Magwero. Ngakhale Buku Lopatulika limene timawerenga Sabata lililonse linamasuliridwa ku Nyasaland pansi pa utsogoleri wa W.H. Murray, n'kumalizidwa mu 1922. Tili ndi ngongole kwa abale a kum'mawa kwa malire, ndipo ndi ngongole yakale.

Kulalikira ndi kuchiza

Amishoni a ku Magwero sanalekanitse mawu ndi manja. Madzimoyo inatsegulidwa mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908. Ku Magwero mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, ndipo pambuyo pake panakhalanso sukulu ya osamva. Ku Nsadzu ankasamalira akhate, anthu amene midzi yawo inkawaopa. Zipatala za Nyanje ndi Kamoto zikutumikirabe mpaka lero, monganso St Francis ku Katete ndi Mwami ya a Seventh-day Adventist. Mbusa woyamba wachikuda, abusa Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929, ndipo mpingo unalandira umwini wake mu 1966, n'kutenga dzina loti Reformed Church in Zambia mu 1968.

Umwini unabwera ndi katundu wake. Pa nthawi ya amishoni, ndalama za mankhwala ndi za chimanga cha njala zinkachokera kutali, ndipo Akhristu a kuno anazolowera kuti thandizo limabwera pa galimoto ya mishoni. Mpingo wathu unakhazikitsidwa m'zaka zimene chizolowezi chimenechi chinayenera kutha, pamene udindo wa atumiki unasiya kukhala wongowerenga chopereka n'kukhala woyang'anira amasiye, odwala ndi alendo.

Pamene alendo anafika pakhomo pathu

Mayeso oyamba sanabwere ndi mphepo koma ndi nkhondo. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975, panabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. M'zaka za m'ma 1980 anthu a m'chigawo cha Tete anathawira m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Ambiri anali Achewa ndi Ansenga, a chilankhulo chimodzi ndi mfunda umodzi ndi ife. Asanafike a boma ndi a mabungwe, amene anawapatsa malo ogona ndi phala anali anthu a m'midzi ndi mipingo ya m'malire. Mu 1987 kunatsegulidwa malo a othawa nkhondo ku Ukwimi m'boma la Petauke, kumene bungwe la Lutheran World Federation linagwira ntchito yaikulu. Dziko la Malawi lokha linalandira anthu oposa 1 miliyoni. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pakati pa amkhalapakati panali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira.

Chaka chomwecho cha 1992 tinali olandira ndife. Achikulire akukumbukira chilala chimene chinapsereza minda m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa, ndi nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. M'madera ambiri chimanga chimenecho chinkagawidwa kudzera m'mipingo, chifukwa akulu a mpingo ankadziwa khomo lililonse, ankadziwa nkhalamba imene ilibe wina woitengera thumba, ndi mayi amene akuchita manyazi kukaima pa mzere. Phunziro limenelo linadzaonekanso pa nthawi ya anamondwe.

Idai, Ana ndi Freddy

Namondwe amabadwira pa nyanja pamene madzi afunda kupitirira madigiri 26. Nthunzi imakwera, mphepo imayamba kuzungulira, ndipo akafika pa mtunda amakhuthula mvula ya miyezi ingapo m'masiku owerengeka. Ku nyanja ya Indian nyengo yake ndi kuyambira November mpaka April, nthawi imene chimanga chili m'munda ndipo nkhokwe zapepuka. Abale athu a ku Malawi anali nalo kale dzina la madzi ndi miyala yotsika m'phiri. Amati Napolo, ndipo amakumbukira za ku Zomba mu 1946 ndi za ku Phalombe mu 1991. Chachilendo m'zaka zathu ndi chakuti masoka otere akubwera motsatizana.

Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe Idai anatera pafupi ndi Beira. A Red Cross anayerekeza kuti magawo 90 pa 100 alionse a mzindawo anaonongeka. Mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inasefukira, ndipo anthu anakhala masiku angapo pa madenga ndi m'mitengo. Ku Zimbabwe mapiri a Chimanimani anagumuka n'kukwirira nyumba. M'maiko atatu, Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo, ndipo kolera inatsatira. Patangopita milungu isanu ndi umodzi, pa 25 April, namondwe Kenneth anagunda Cabo Delgado. Beira si mzinda wachilendo kwa ife, pakuti feteleza ndi katundu wina amene timagula amadzera pa doko limenelo, n'kudutsa ku Tete, kulowa pa Chanida mpaka ku Katete.

Mu January 2022 namondwe Ana anamiza Chikwawa ndi Nsanje, naononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Gombe anatsatira mu March chaka chomwecho. Kenako kunabwera Freddy. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, nadutsa nyanja yonse ya Indian, nagunda Madagascar pa 21 February ndi Mozambique pa 24 February. Anabwereranso pa nyanja, natenga mphamvu zina, ndipo pa 11 March anatera kachiwiri pafupi ndi Quelimane. Bungwe loona za nyengo padziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri.

Kuchokera ku Quelimane, Freddy analowera kumtunda monga analowera amishoni aja. Ku Blantyre phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe. Ku Chiradzulu, boma limene lili pafupi ndi Magomero, mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe milatho inapita ndipo midzi ina sinkafikika koma pa ndege. Boma la Malawi linalengeza kuti anthu oposa 670 amwalira, oposa 500 asowa, ndipo oposa 650,000 alibe pokhala. Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula masiku 14 olira. Zonsezi zinachitika dzikolo lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700.

Zimene mipingo inachita

Thandizo linabwera kuchokera mbali zambiri. Maboma a Zambia ndi Tanzania anatumiza ndege ndi chakudya. Pa nthawi ya Idai, mabungwe a ndege za mishoni monga Mercy Air ndi MAF anauluka kukafika kumene misewu inaduka. Ku Malawi kunali CADECOM ya Akatolika, nthambi zachitukuko za CCAP, ADRA ya a Seventh-day Adventist, CARD, ndi ena ambiri, kuphatikizapo mabungwe a Asilamu amene anagwira ntchito yotamandika. Koma m'maola oyamba, ndege zisanauluke, anthu anathamangira ku nyumba zolimba zimene anali nazo pafupi, ndiye kuti sukulu ndi matchalitchi. Mabenchi anasanduka mabedi. Abusa ndi akulu a mpingo, ena atataya nyumba zawo zomwe, ndiwo ankalemba maina a opulumuka, kuika maliro, ndi kulondolera a boma kumene kunali osowa. Patapita miyezi, misasa itatsekedwa ndipo atolankhani atachoka, mipingo yomweyo inatsala ndi amasiye ndi anthu amene mpaka lero amanjenjemera mvula ikayamba usiku.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa masiku a Mackenzie ndi masiku athu. Mu 1862 wothandiza anali mlendo wosadziwa chilankhulo. Mu 2023 woyamba kufika anali Mkhristu wa m'mudzi momwemo. Mbeu imene amishoni anafesa inakhala dzanja loyamba kutambasuka.

Pano ifenso tinachitapo mbali yathu. Nkhani ya Freddy itamveka pa wailesi, ambiri a ife tinali ndi abale, apongozi kapena anzathu a malonda kumeneko. Bungwe la akulu linalengeza chopereka chapadera. Azimai a Chigwirizano anasonkhanitsa zitenje, zovala za ana, mapoto ndi mbale, achinyamata anasankha ndi kulongedza, ndipo ena anachotsako pa chimanga chochepa chimene chinatsala m'nkhokwe mwezi wa March. Pamenepo tinaona mmene ntchito yotere imayendera. Katundu wodutsa pa chipata cha Mwami amafuna makalata ndi galimoto, pamene ndalama yotumizidwa kwa mpingo wodziwika imafika msanga ndipo imagula chimene anthu akusowadi, kaya ndi unga, mankhwala othira m'madzi akumwa, mapepala a pulasitiki ofolera, kapena mbeu ndi makasu. Tinaonanso kuti chovala chopereka kwa wovutika chiyenera kukhala chimene ifenso tingavale.

Zimenezi si zatsopano m'mbiri ya Mpingo. Pa Machitidwe 11:27-30 timawerenga kuti Agabo atanenera za njala, Akhristu a ku Antiokeya, amene anali atangolandira kumene Uthenga kuchokera ku Yerusalemu, anatumiza thandizo ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Mpingo wobadwa kumene unadyetsa mpingo umene unaubala. Paulo anatamandanso a ku Makedoniya pa 2 Akorinto 8 chifukwa anapereka ali osauka. Makolo athu ananena mwachidule kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mafunso awiri amene tsoka limadzutsa

Loyamba ndi lakuti, kodi namondwe ndi chilango cha Mulungu pa anthu amene wawagwera? Mawu otere amamveka nthawi zonse tsoka likachitika. Pa Luka 13 Ambuye Yesu anafunsidwa zofanana, ndipo anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena, m'malo mwake anauza omverawo kuti adziyang'ane okha. Ana amene anakwiririka ku Chilobwe sanali oipa kuposa ana athu. Ambiri anamanga m'munsi mwa phiri chifukwa malo abwino mumzinda ndi okwera mtengo, ndipo phirilo linali litametedwa chifukwa cha nkhuni ndi makala. Mlaliki amene afika pa msasa ndi chala choloza amawonjezera bala pa bala.

Lachiwiri ndi lakuti, kodi thumba la unga lingagwiritsidwe ntchito ngati nyambo yokokera anthu mu mpingo? Yesero limeneli ndi lakale ngati mishoni yomwe. Munthu wanjala amavomera chilichonse, ndipo wopereka amatha kuganiza kuti watembenuza mudzi wonse pamene wangougula kwa mwezi umodzi. Mu 1994 a Red Cross pamodzi ndi mabungwe ena, kuphatikizapo a mipingo monga Caritas, Lutheran World Federation ndi World Council of Churches, anagwirizana malamulo a kathandizidwe pa nthawi ya tsoka. Mwa zina anagwirizana kuti thandizo liziperekedwa poyang'ana kusowa kwa munthu basi, osati mtundu kapena chipembedzo chake, ndiponso lisakhale chida chokopera anthu. Ife sitiona kutsutsana kulikonse pakati pa lamuloli ndi Uthenga Wabwino. Pa msasa pamakhala Msilamu, Mkatolika, wa Mboni, wa gule wamkulu ndi amene sapemphera konse, ndipo onse ali ndi njala yofanana. Timapereka kwa onse, timapemphera ndi amene afuna, ndipo wofunsa chifukwa chake tabwera timamuuza za Khristu mosabisa. Chikhulupiriro chobwera ndi thumba chimatha limodzi ndi thumbalo, koma anthu sakuiwala mpingo umene unawatola popanda kuwafunsa kadi ya umembala.

Zaka zimene zili kutsogolo

Chaka chimodzi chokha chitapita kuchokera pa Freddy, mwambi woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe unakwaniritsidwa. Kumayambiriro kwa 2024 kolera inavuta ku Lusaka mpaka bwalo la Heroes linasanduka chipatala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chitakhudza maboma 84 mwa 116 ndi kuononga mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi anasowa kwa maola ambiri tsiku lililonse. Amene anapereka mu 2023 anapezeka ali pa mzere wolandira. M'banja la Mulungu palibe amene amakhala wopereka yekhayekha kapena wolandira yekhayekha.

Mbiri imeneyi ikutisiyira ntchito zooneka ndi maso. Yoyamba ndi nkhokwe ya mpingo. Yosefe anasunga chakudya m'zaka za dzinthu, osati njala itayamba. Pa chopereka cha masika chaka chilichonse, gawo lina liyenera kupatulidwa ndi kulembedwa bwino m'buku la atumiki, kuti tsoka likagwa tisayambe ndi kulengeza koma ndi kutsegula chitseko. Buku limenelo liziwerengedwa poyera pamaso pa mpingo, chifukwa katundu wa ovutika akasowa m'manja mwa Akhristu, dzina la Ambuye ndilo limanyozedwa. Yachiwiri ndi kudziwana. Dera lililonse likhale ndi mndandanda wa okalamba, olumala ndi ana okhala okha, ndipo atumiki azidziwa njira yofikira a DMMU, ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Yachitatu ndi mitengo. Mapiri ozungulira Chipata ndi a m'maboma ena a kuno akutha ndi makala, ndipo nyumba zikukwera chokwerakwera m'mbali mwake. Zimene zinachitika pa Soche zikutichenjeza. Madzi saiwala khwawa, ndipo dothi lopanda mizu silimva pemphero la munthu amene anadula mitengoyo. Kubzala mitengo ndi kumvera machenjezo a oona za nyengo ndi mbali ya kukonda mnansi.

M'Chipangano Chakale, pa Levitiko 25, chaka cha 50 sichinali cha madyerero okha. Chinali chaka chomasula akapolo, chobwezera anthu minda yawo, ndi chopumitsa nthaka. Ifenso pokondwerera zaka 50 tikumbukire amene anatibweretsera Uthenga kudzera pa Zambezi ndi Shire, alaliki ndi aphunzitsi achikuda amene anaufikitsa m'midzi, azimai amene anaphikira othawa nkhondo, ndi abale a ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe amene akumangabe nyumba zawo. Ana athu a Sande sukulu adzalemba kabuku kena patapita zaka 50, ndipo adzafuna kudziwa chimene mpingo uno unachita mvula itachuluka ndiponso itasowa. Tiwasiyire nkhani yoti adzaiwerenge mosachita manyazi.

Mulungu amene watisunga kufikira lero atipatse mitima yofewa ndi manja okonzeka. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Amen.